Chitseko Chomwe Bambo Anadzagogoda

Kalata yondikweza pa ntchito ndinakaiwerengera m'chimbudzi cha ku ofesi, chifukwa ndi malo okhawo omwe ndikanavina popanda wondiona. Mlangizi wamkulu! Ine! Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuuza makampani a eni momwe angayendetsere ntchito zawo, ineyo ndikukhala pa katebulo ka pafupi ndi makina osindikizira, aliyense wodutsa n'kumandifunsa ngati mapepala atha.

Malipiro anakwera pang'ono chabe, moti ukaphethira sungaone kusiyana. Ndinalibe nazo ntchito. Pa kampani yathu mlangizi wamkulu amapatsidwa ofesi yakeyake, ndipo ofesiyo imakhala ndi chitseko. Mtima wanga unali pa chitsekocho.

Bambo anga anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu. Tsiku lililonse ankagogoda pa zitseko za anthu, faelo ili m'manja, n'kumadikira kuti wina anene kuti "lowani". Ena ankawaimika panja mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tsiku lomwe ndinalembedwa ntchito anandiuza kuti, "Mwanawe, galimoto sindikuifuna. Ndikungofuna tsiku lina ndidzagogode pa chitseko chako."

Ndinawaimbira foni ndili m'chimbudzi momwemo.

"Bambo, Lolemba mubwere. Chitseko chija chapezeka."

"Chotseka ndi kiyi?"

"Ndi kiyi yemwe!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Pofika madzulo azakhali anali atamva, alamu atamva, ngakhale wowameta tsitsi anali atamva.

Lolemba ndinalawirira, nditavala nsapato zatsopano zolira pansi, ndikuyenda ngati nyumba yonseyo ndi yanga. Nditakwera masitepe ndinangoima chilili. Makoma kunalibe. Maofesi onse anali atasanduka chipinda chimodzi chachikulu ngati holo, matebulo ali m'mizere, fumbi la simenti likadali pa mawindo. Zitseko zisanu ndi chimodzi zinali zitatsamiritsidwa m'khonde.

Abwana anabwera akumwetulira mano onse pamtunda.

"Mwafika, katswiri wathu! Lipoti lanu lija munalembera kampani ya inshuwalansi ndinaliwerenga kawiri. 'Zitseko zimatchinga nzeru. Gwetsani makoma, aliyense azikhala pomwe wapeza malo.' Ndinati bwanji tikugulitsa mankhwala kwa anzathu, ife eni ake osamwako? Amisiri agwira Loweruka ndi Lamlungu lomwe."

Mawuwo anali angadi. Ndinali nditawalembera makampani anayi, ndikungosintha dzina pamwamba, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe inawatsatira. Ntchito yathu imayenda choncho: ife timalangiza, iwo amathokoza, lipoti limakagona m'kabati. Munthu woyamba kumvera malangizo anga pa dziko lino anali abwana anga omwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinayamba kuseka, kuseka kosaletseka, misozi mbwembwembwe. Foni inalira. Anali mayi wa pa risepushoni: bambo afika, avala jekete, akukwera.

Mnzanga wa tebulo loyandikana, yemwe timamutcha Machati chifukwa ngakhale nkhani ya chibwenzi chake amaifotokoza ndi mizere yokwera ndi yotsika, ankaidziwa nkhani yonse. Anandiyang'ana, anayang'ana m'khonde.

"Iwe, khala pa tebulo ilo. Tsegula kompyuta, uoneke wotanganidwa."

Anathamanga n'kubwera akukwakwaza chitseko chimodzi, n'kuchiimika patsogolo panga, pakati penipeni pa holoyo.

"Abwana, tagwirani mbali iyo. Inu ndinu mahinjesi."

"Mahinjesi a chiyani?"

"Ingogwirani, ndikujambulirani tchati pambuyo pake."

Abwana anagwira. Anthu amene ankakanganirana mipando ya pa windo anasiya, onse maso kuno.

Kumbali kwa chitsekocho ndinawaona bambo akubwera, jekete yawo yakale itasitidwa mpaka kunyezimira m'zigongono. Si munthu wopusa. Anaona holoyo, anaona zitseko zotsamira m'khonde, anaona amuna awiri a matayi atagwira chitseko chopanda khoma. Malo odutsira analipo kumanja ndi kumanzere komwe, okwana ngakhale ngolo. Iwo anapita molunjika pa chitseko, anamanga batani la jekete, n'kugogoda katatu, mwaulemu, momwe ankagogodera kale.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene "lowani", koma mawu anakana. Chiseko chinali chitandithera. Ndinadzuka, ndinagwira chogwirira n'kukoka. Machati anasiya mbali yake, abwana n'kuzungulira nacho chitsekocho pang'onopang'ono, nsapato zawo zikukhwekhwereza pansi.

Bambo analowa. Anayang'ana tebulo, anayang'ana ine, kenaka anatembenukira kwa abwana.

"Achimwene, mwagwira bwino. Amakulipirani bwino koma?"

Holo yonse inaphulika ndi chiseko. Machati anachita kukhala pansi. Abwana, thukuta lili kamukamu, anangoti, "Timayesetsa, bambo."

Bambo sanaseke nawo. Anandigwira dzanja.

"Mwanawe, zaka makumi atatu ndikugogoda. Palibe ndi mmodzi yemwe anadzukapo pa mpando kudzanditsegulira."

Ndinalira, wamkulu ndithu, nsapato zatsopano ndi zonse. Iwo anapukuta m'maso ndi chala chachikulu, anabwerera m'mbuyo mpaka anatuluka, n'kumanganso batani lija.

"Achimwene, musatope. Tatsekani, ndigogodenso."