Msoko wa a Eneya

"Nanga jekete ija ili kuti?"

A Aleck anafunsa atanyamula thalauza la malemu m'mwamba ngati wogulitsa kaunjika. Linali tsiku lometa, anthu akutali atabwerera kale kwawo, ndipo iwo, pokhala mng'ono wa malemu, ndi amene ankagawa zovala. Pamphasa panali zonse zimene a Eneya anasiya: mashati, majombo a m'dambo, chipewa chotha m'mphepete, ndi singano yaikulu yosokera mabelo a fodya imene palibe ankadziwa woti ampatse.

"Alamu, ndikufunsa inu. Jekete yaolenji imene a pa esiteti anawapatsa akulu anga ili kuti?"

A Esitele, namfedwa, anangoyang'ana pansi nakonza duku lawo. Mwana wawo Alufeyo anali atakhala chapatali pafupi ndi nkhokwe, chikwama chili pakati pa miyendo. Anachifinya ndi mawondo. Jeketeyo inali momwemo, ataikulunga m'jumbo.

Nkhani yake inali iyi. Nguluwe zikavuta m'minda ya ku Mkanda, a pa esiteti ankaitana amuna a m'midzi yozungulira kuti achite uzimba. Mfuti inali imodzi, ya pa esiteti pomwepo, ndipo ankaigwira a Mateyo, mlonda. Enawo ankalowa m'tchire ndi agalu kukavumbulutsa nyama. Lamulo linali lakuti aliyense wolowa m'tchire avale jekete yaolenji yonyezimira kuti wamfuti azimuona ali patali. A Eneya analandira yawo ngati anzawo onse. Koma Alufeyo atayamba kabaza ku Boma, mumsewu wa malole opita ku bodala, bambo akewo anamuponyera jeketeyo pa hendulo.

"Vala iyi. Ukaona ina yotchipa pa kaunjika, undigulire."

"Ndibweza msanga, Ababa."

Kufuna anaifuna ndithu, tisamunamizire. M'sitolo za zipangizo zinalimo zatsopano, koma mtengo wake unali woti munthu apalase sabata yathunthu osadya. Pa kaunjika zinkapezeka zobiriwira, zomwe a pa esiteti ankazikana chifukwa zimafanana ndi masamba, kapena zosuluka, zoti mizere yake inasiya kale kuwala. Tsiku lina anaipeza yeniyeniyo pa mulu wa mayi Luwiza, yaolenji ngati yatsopano. Ananenerera. Mayiwo anatsitsa, iye nkufuna atsitsenso. Chimene anasiyanirana sichinkafika ndi pa mbale ya tchipisi yomwe.

"Ndibwera mawa," anatero akukwera njinga, akudzitama mumtima kuti iye sadyeredwa masuku pamutu.

Mawa lake anapeza itapita. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo m'mawa wina wa nkhungu, m'dambo la kuseri kwa zigafa, a Mateyo anaona udzu ukugwedezeka, chinthu chakuda chikubwera chowerama pambuyo pa agalu. Anawombera. Chinali shati lakuda la a Eneya, mnzawo amene ankagawana naye fodya wa chingambwe kuyambira unyamata.

Tsopano a Mateyo anali m'chitokosi ku Boma. Anthu ankati iwo ndi amene ananyamula a Eneya kumsana kuchoka m'dambomo, akulira ngati mwana, kenako anakadzipereka okha kwa apolisi.

"Ndikuuzeni zimene zinachitika," anatero a Aleck akuponya thalauza pamphasa. "Akulu anga sanali munthu wophwanya malamulo. Tchalitchi ankafika belu lisanalire. Munthu wotero angalowe m'tchire opanda jekete? Anaivala. Mateyo ataona kuti walakwa, anawavula, nkukaitaya, kuti azinena kuti sanawaone. Mwina ankakhala ndi mangawa nawo, ndani akudziwa?"

Azibale ena anagwedeza mitu. Wina anati zoona, mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

"Mawa ndikupita ku polisi kukanena zimenezi. M'nyumba muno mulibe jekete, pathupi panalibe jekete. Akafotokoze bwino Mateyo. Asaganize kuti atuluka ndi nkhani yoti inali ngozi."

Anthu a kumudzi kuno sankamuona Alufeyo akupalasa ku Boma, ndipo a Aleck, okhala ku Chiosya, sankadziwa nkomwe kuti iye ali ndi jekete. Akanangokhala chete, nkhani ikanamupitirira. Akanaiponya m'chimbudzi pobwerera, basi. Kuyambira tsiku la uthenga sanagone bwino, ndipo pa maliro analephera kuyang'ana nkhope ya bambo ake m'bokosi. Koma chimene ankaopa koposa si a Aleck, si apolisi. Ankaopa maso a mayi ake akadzamva kuti amuna awo anafa chifukwa mwana wawo ankanenerera mtengo.

Anawayang'ana. A Esitele anali kupotokola nsonga ya chitenje pa chala, kumasula, kupotokolanso.

"Alufeyo, bwera udzatenge majombo awa," anatero a Aleck. "Ndiwe mwamuna wa pakhomo pano tsopano. Mawa undinyamule pa njinga yakoyo, tipitire limodzi."

Alufeyo anadzuka ndi chikwama chake. Atafika pamphasa anagwada, koma majombowo sanawakhudze. Anatsegula chikwama, kutulutsa jumbo, kumasula. Jekete ija inawala padzuwa mpaka aliyense anaiona, ngakhale amayi amene anali kutsuka mbale kuseri.

"A Mateyo sanavule munthu, Abambo," anatero. "Inali ndi ine. Anandibwereka. Ananditumanso kuti ndiwagulire ina, ndinaipeza, koma sindinagule. Ndinkafuna anditsitsire."

Galu mmodzi wa malemu anadzuka pansi pa ngolo, nadzanunkhiza jeketeyo, nkuyamba kugwedeza mchira.

"Iwe!" A Aleck anaimirira. "Iwe mwana iwe! Masiku onsewa ukudya nafe, ukulira nafe, uli nayo m'chikwama? Atate ako akulowa m'tchire ngati nyama, iwe ukutchena nayo ku Boma?"

"Alamu, khalani pansi."

Anali a Esitele. Kuyambira tsiku loika maliro anali asanakwezepo mawu. A Aleck anakhala.

"Ine ndimadziwa kumene inali," anatero a Esitele. "Mwafunsa, ndakhala chete. Ndimati ndikayankhula ndipereka mwana wanga, ndikapanda kuyankhula ndipereka a Mateyo. Ndiye ngati mukufuna wolakwa, yambani ndi ine. M'mawa umenewo ndinawaona akumasula agalu atavala shati lakuda. Ndinangoti, 'Mupita choncho?' Iwo nkuti, 'Mateyo amadziwa likhweru langa.' Ine nkubwerera kukasesa."

Anatambasula dzanja, Alufeyo nkuwapatsa jeketeyo osawayang'ana.

"Amayi, ndikanagula..."

"Ukanagula, inde. Ine ndikanawaletsa. A Mateyo akanadikira nkhungu ichoke. Tonse tili ndi katundu wathu, tisenza. Koma bwera kuno, ona."

Anaitembenuza kunja kukhala mkati. M'mbali zonse ziwiri, kuchokera kukhwapa mpaka m'chiuno, munali msoko wa ulusi wa mabelo, wokhuthala, wolumphalumpha, womangidwa mfundo ziwiri kumapeto. Aliyense amene anagwirako ntchito m'zigafa za pa esiteti akanauzindikira. Ndi mmene a Eneya ankatsekera belo la fodya kuti lisaphulike panjira.

Alufeyo anali atavala jeketeyo miyezi yonseyi osayang'anapo mkati. Sanadzifunsepo kuti zinatheka bwanji kuti chovala cha bambo ake, munthu wa chifuwa ngati chitseko, chimukwane iye wowonda ngati bango.

"Anakhala pakhonde apo dzulo lake, asanakupatse," anatero a Esitele. "Anatenga shati lako lakale kuyezera. Ndinawafunsa kuti nanga inu muzivala chiyani? Anati nguluwe zimabwera pakanthawi, koma malole amadutsa tsiku lililonse. Zoti uwagulire inazo ankangonena kuti ulandire, chifukwa amakudziwa kukana kwako. Unayamba waona munthu akuchepetsa chovala chimene akufuna chibwerere?"

A Aleck anatenga jeketeyo, nayendetsa chala pa msokowo kuyambira pamwamba mpaka pa mfundo. Anakhala nthawi akuuyang'ana. Kenako anapukuta m'maso ndi chipewa cha akulu awo chija.

"Ankandisokera chikwama cha kusukulu chonchi," anatero chapansipansi. "Anzanga ankandiseka."

Sanatchulenso za mawa. Anali Alufeyo amene anati apita lero lomwe, dzuwa lisanapendeke, akauze apolisi kumene jekete inali. A Esitele analowa m'nyumba, natuluka ndi mbatata zophika m'kambale, atamanga ndi nsalu.

"Ukawapatse a Mateyo. Ukawauze kuti zachokera kwa ine."

Alufeyo anamangirira mbaleyo pa kaliyala, natulutsa njinga pabwalo. Jekete anaipinda kuti aibweze m'chikwama. Sankaona kuti angadzaivalenso moyo wake wonse.

Mayi ake anamulanda. Anaikung'untha, kuitembenuza bwino, nkumulowetsa dzanja limodzi, kenako linalo, monga ankachitira akadali wa sukulu. Anaikokera pansi m'mbali muja munali msoko, ndipo inakhala thupi ndendende.

"Uziyenda m'mphepete," anatero. "Malole achuluka."