Chingwe cha Thanga

Ulendo wa pa sitima yoyendera mphepo anawalipirira ndi ana awo. "Amayi, mukapume," anatero mwana wamkazi powatsanzika padoko. "Mmenemo muli anthu oti azikutumikirani. Abambo mukawasiyeko pang'ono."

Anesi anangogwedeza mutu. Ntchito ya unesi m'chipatala anapuma kalekale, koma dzina linawakanirira, ndipo ntchitoyo inawalondola kunyumba tsiku lomwe amuna awo anagwa ndi sitiroko m'shedi yopalira matabwa. Kuyambira pamenepo dzanja lamanzere la bambowo linalemera, mwendo n'kumachita kukoka. Kuwasambitsa, kuwamanga mabatani, kuwadulira nyama m'mbale, zonsezo anali Anesi.

Sitimayo inali yaing'ono, alendo ake ochepa, moti pofika tsiku lachiwiri aliyense ankadziwa woliza mkonono kuti ndani. M'chipinda mwawo munali matabwa onyezimira, kazenera kozungulira, ndi matawulo opindidwa mwaluso oti munthu kuchita mantha kupukutira. Bambo ankasisita khoma ndi dzanja labwinolo, kufunafuna pamene mmisiri mnzawo analumikiza. Anesi ankafunafuna pamene munthu angapunthwe.

Kupuma kunawakanika. Woperekera zakudya akati awadulire bambo nsomba, Anesi alanda kale mpeni. Mmodzi wa amalinyero akati awagwire dzanja pa masitepe, Anesi alowa kale kukhwapa kwa amuna awo. Anzawo ankasambira, ena kuwamba misana padzuwa. Iwo maso ali pa bambo ngati mkaka uli pamoto.

M'mawa wina mphepo inaomba bwino. Kaputeni, mzimayi wa mawu aakulu, analamula kuti injini izimitsidwe. Pa sitimayo chinali chizolowezi kuti alendo ofuna azithandiza kukoka chingwe chokwezera thanga, chinsalu chachikulu chokola mphepo chija. Anthu anandanda akuseka.

Bambo anaimirira.

"Mukupita kuti?" anafunsa Anesi.

"Kukakoka nawo."

"Ndi dzanja liti? Takhalani pansi, Abambo. Mukagwa pano ndikutolani bwanji?"

Sanakhale. Analankhula motsitsa kuti a pampando winawo asamve. "Anesi, m'wodi mwanu muja odwala ankatuluka. Ine mudzanditulutsa liti?"

Mawuwo anawapweteka kwambiri. Anafuna kuwakumbutsa za kuwatembenuza pabedi, za zovala zomwe ankachapa mobisa kuti ana asaone. M'malo mwake anangotaya mkono wa malaya a bambo umene anaugwira.

Bambo anapita akukoka mwendo. Kaputeni anawayang'ana kamodzi, osafunsa kanthu, n'kuwaimika pafupi ndi mlongoti pamene akanatha kutsamira. Anawapatsa chingwe kudzanja lamanja.

"Tiyeni, kokani!"

Thanga linakwera likukupiza, kenako linatupa ndi mphepo. Sitima inapendekeka. Bambo anadzandira, Anesi n'kuyamba kuthamangira komweko. Koma mlendo wina wandevu anawagwira paphewa, awiriwo anayang'anana n'kuphulika kuseka, kenako anagwiranso chingwe.

Anesi anabwerera pampando. Manja awo anali pamiyendo, opanda chogwira, ndipo sanadziwe koti awaike. Kugwa kwa bambo ankakuopa ndithu. Koma pansi pa mantha amenewo anapezapo ena amene anachita nawo manyazi: munthuyu akadzaima yekha, iwo adzakhala ndani?

Bambo anabwera ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, n'kudzigwetsa pampando. Anesi anatambasula dzanja kuti aone chikhatho chofiiracho. Bambo anachifumbata.

"Chisiyeni, ndi changa chimenechi," anatero akuseka. "Akuti masana tiima pakachilumba. Ena akasambira, ena akayenda m'tauni. Ine nditsala, ndikufuna ndione mmene anthuwa amamangira zingwe." Anapumira kaye. "Nanga inu mukufuna kukachita chiyani?"

Anesi anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Ankadziwa nthawi ya mankhwala aliwonse a bambo, chakudya chimene chimawatsamwa, mbali imene amagonera bwino. Anafufuza mumtima yankho la kafunso kakang'onoko, osalipeza. Misozi inalengeza.

"Sindikudziwa," anatero.

Bambo anasiya kuseka. Anawayang'ana, sitima ikuthamanga popanda phokoso.

"Musafulumire, Amayi," anatero. "Ine ndidikira."