Nkhani Imene Firdaus Sanaimalize

Mwanabibi anali akupinda madiresi a mwana n'kumaika m'chikwama pamene Moven anatulukira pakhomo la chipinda, maso ali psuu.

"Ba mulamu, vovala va mwana muvipeleka kuti?"

"Ku Matero," anayankha Mwanabibi osacheuka. "Rumaisa azakhala na ise."

Firdaus, mng'ono wake wa Mwanabibi, anali ataikidwa dzana. Moven, mwamuna wa malemuyo, anali Mkhristu wa ku Chipata, koma sanalimbane ndi achibale pamene anabwera ndi nsalu yoyera. Anawalola kukamuika kumanda a Asilamu, ndipo amuna amene anapita kumandako anati iye anaima chapatali, chipewa chili m'manja. Mwanabibi anali asanapondepo m'nyumba iyi ya ku Mtendere chikwatiwire Firdaus. Anaiona koyamba mwini wake atagona pamphasa, atafundidwa kumaso.

"Mwana ali na tate," anatero Moven motsitsa mawu.

"Tate wabwanji? Woyenda usiku, wogona masana makatani ali otseka?"

"Ndine gadi, ba mulamu. Nchito yanga ni ya usiku."

"Nanga magazi a mng'ono wanga anayenda kuti?"

Funsolo linamutuluka asanakonzeke, koma linali litamudya kuyambira dzulo. Akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, anamva amayi a pamaliro akunong'onezana. Firdaus anali woluka tsitsi, ndipo ankaluka pakhonde pomwepa uku akusimbira makasitomala ake nkhani yaitali imene ankaipeka yekha. Inali ya mamba muntu, mkazi wa m'madzi wa mchira wa nsomba, amene anasiya abale ake pansi pa madzi n'kukwatiwa ndi kamunyama, munthu woyenda usiku wopopa anzake magazi. Amayiwo ankati nkhani yotere munthu sangoitola. Kuchipatala ananena kuti Firdaus anamwalira ndi matenda otha magazi. Agogo a Firdaus ndi Mwanabibi anachokera kunyanja, ku Mangochi. Mwanabibi analumikiza zonsezi, ndipo tulo sanatione.

Moven anakhala pa mkono wa mpando.

"Nidziwa vimene anthu akamba, koma nkhani ija ine sin'naimvepo," anatero. "Nthawi imene anali kuluka, ine nimakhala nili mtulo."

Rumaisa, kamtsikana ka giredi 2, anali ataima kuseri kwa chitseko. Analowa mwakachetechete, natulutsa diresi limodzi m'chikwama, n'kulibisa kumbuyo kwake. Mwanabibi anamulanda. Mwanayo sanalire, anangopita kukagwira buluku la bambo ake.

"Odi kuno!"

Analowa mayi wina wonenepa, atamanga duku mpaka m'makutu, atanyamula beseni la tomato. Anali Tamara, wogulitsa pamsika, kasitomala wakale wa Firdaus. Anagwada, napereka pepani kwa onse, kenaka maso ake anagwera pachikwama.

"Namva mawu anu nili panja, amai," anatero kwa Mwanabibi. "Munikhululukire kulowerera. Aja amene akuuzani nkhani ija anaimvako mutu chabe. Ine n'naimva kuchokera poyamba. Munilole?"

Tamara anakhala pansi, natambasula miyendo.

Anasimba mmene mkazi wa m'madziyo anamuonera mwamuna uja koyamba, atagwada m'mbali mwa dziwe akutsuka m'kamwa, akulira chifukwa cha chimene anali. Anthu onse ankamuthawa. Mkaziyo anatulutsa mutu m'madzi n'kumufunsa dzina, chinthu chimene palibe anali atamufunsapo. Kuyambira tsiku limenelo mwamunayo analumbira kuti sadzalawanso magazi a munthu, ndipo anaonda mpaka nthiti kuoneka. Atakwatirana anakakhala m'komboni, m'nyumba ya lendi. Mwamunayo ankatunga madzi kupampu n'kudzaza bafa kuti mkazi wake aviike mchira.

"Apa tinali kuseka ise," anatero Tamara, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Koma manje kumtunda kunayamba kumuumitsa mkazi uja. Magazi ake anayamba kusanduka madzi. Mudziwa chimene anachita mwamuna? Anadzicheka pamkono, ati imwa anga. Wopopa magazi ndiye anakhala wopopedwa."

Panja basi inadutsa, kondakitala akuitanira anthu opita kutauni.

Mwanabibi anayang'ana Moven. Malaya ake anali opinda manja, ndipo m'kati mwa chigongono munali tizipsera tating'ono takuda, toyandikana ngati njere za mpiru. Moven ataona kumene maso a mlamu wake ali, anatsitsa mkono wa malaya.

"Kuchipatala anafika ponikaniza," anatero ngati akupepesa. "Ati nikapatsanso magazi nizagwa. N'nayesa kwina, nakonso ananibweza."

Mwanabibi anamva manyazi, koma manyaziwo anabwera ndi mkwiyo.

"Nanga osatiuza bwanji? Ife tilibe magazi? Sitinabadwe mimba imodzi?"

"N'nabwera ku Matero," anayankha Moven. "N'nagogoda pageti. Munatuma mwana kuti aniuze kuti kulibe anthu."

Mwanabibi analikumbuka tsikulo. Anali pawindo, akusuzumira pa mpata wa katani, akuona munthu wamtali ataima padzuwa. Ankaganiza kuti wabwera kudzapempha kuti amulandire m'banja, ndipo anasangalala kumuona akubwerera.

Anakhala pabedi, diresi la mwana lili pamiyendo.

"Munkhani muja munalinso mukulu wake wa mkazi wa m'madzi," anapitiriza Tamara, mawu atatsika. "Amake Rumaisa anali kumukonda maningi. Ati anali wokongola kupambana onse a pansi pa madzi, koma wouma mutu. Madzulo alionse anali kubwera pamwamba, abisala m'mabango, ayang'ana kumtunda kumene kunayenda mng'ono wake. Kuitana, ayi. Ise tinali kukalipa, ati mkazi woipa uyu. Amake Rumaisa ati iyayi, musamunene, simumudziwa. Ati ali panjira."

"Anafika?" anafunsa Mwanabibi. Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina.

Tamara anayang'ana pansi. "Apo ndiye tinalekezera. Anati azatiuza sabata yamawa."

Mwanabibi sanalire pamaliro. Anasambitsa mtembo ndi manja ake, anamanga nsalu, anayang'anira miphika, maso ali gwa. Tsopano anaphimba nkhope ndi diresi la mwana lija, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka. Palibe anamugwira. Anamusiya alire mpaka atatopa.

Atadzutsa mutu, anayamba kutulutsa zovala m'chikwama, chimodzichimodzi.

"Usiku mukayenda kunchito, mwana asala na ndani?"

"Sinidziwa," anavomera Moven. "Sin'naganizepo."

"Nizakhala kuno mpaka sadaka yomaliza. Va kutsogolo tizakambirana na amalume ake." Anazengereza pang'ono, kenaka anawonjezera, "Na imwe muzakhalapo pokambirana."

Moven anagwedeza mutu movomera, nanyamula mwana wake, natuluka naye panja.

Tamara anadzuka kuti azipita. Powerama kuti atenge beseni, duku lake linamasuka n'kugwa. Analitola msanga, koma Mwanabibi anali ataona kale. Mbali imodzi ya mutu inali yolukidwa, ina ili nyankhalala.

"Ni tsiku lija amake Rumaisa anagwa," anatero Tamara mwamanyazi. "N'namuuza kuti tileke, mwatopa. Ati khalani pansi, munthu sayenda pamseu na mutu wa hafu. Manje nalephera kumasula, nalepheranso kupatsa wina."

"Bwerani kuno."

Tamara anakhala pansi pakati pa mawondo ake. Mwanabibi anayendetsa zala m'mizere ija. Yoyambirira, pafupi ndi khutu, inali yowongoka ndi yolimba. Chapakati inayamba kukhota. Kenaka inali yofooka, tsitsi likuthawa m'mbali, ntchito ya zala zimene zinalibenso mphamvu. Komabe mzere uliwonse unafika mpaka kukhosi, n'kumangidwa bwinobwino kunsonga. Wotsiriza wokha ndiwo unalekezera pakati pa mutu.

Mwanabibi anagwira pamene zala za mng'ono wake zinasiyira, nagawa tsitsilo patatu.

"Yambani poyamba," anatero. "Pamene anamufunsa dzina."