Mzere Wachikasu

Pakampani ina yolemba mapulogalamu a kompyuta panali lamulo losalembedwa: bwana akamadutsa, sikirini yako ikhale yoyera ngati mbale yotsuka. Bwanayo za mapulogalamu sankazidziwa, koma mitundu ankaidziwa ndithu.

Panali mayi wina amene anzake ankamutcha Chiwerenga, chifukwa ankawerenga ngakhale timalemba ta pa paketi ya sopo. Anali atatha miyezi itatu yoyeserera, ndipo Lachisanu limenelo kalata yomulemba ntchito inali pa desiki ya bwana, kungodikira siginecha.

Ankalemba pulogalamu yopereka manambala a pamzere pachipatala china. Kompayila, yomwe imasandutsa zolemba za munthu kukhala pulogalamu yoyenda, inali itamukalipira sabata yonse ndi mizere yofiira, ndipo yonseyo anaikonza. Kunatsala mzere umodzi wachikasu, wonena kuti nambala ikhoza kukula kuposa malo amene anaisungira. Malowo ankathera pa 255.

Achimwene ena a pakona ya ofesiyo, omwe anakalambira pampando womwewo, anasuzumira n'kuseka.

"Mlongo, wofiira ndi wapolisi, amakuimitsa. Wachikasu ndi apongozi, amangolankhula basi. Lemba kamzere aka pamwamba, akhala chete."

Chiwerenga mtima sunamukhale m'malo. Anakagogoda kwa bwana, napempha masana amodzi okha kuti akonze malo onse amene nambalayo inkadutsa.

"Ikuyenda kapena siikuyenda?" anafunsa bwana, maso ali pafoni.

"Ikuyenda, bwana, koma ikuchenjeza kuti..."

"Alendo akubwera thu koloko. Ndikufuna sikirini yoyera."

Mantha a ulova si masewera, abale. Anabwerera pampando, nalemba kamzere kaja. Chikasu chinazimiririka. Bwana podutsa anagwedeza mutu mokhutira, ngati kuti wakonza ndi iye.

Mlendo wake anali namwino wamkulu wa kuchipatala kuja, mayi wa magalasi wosadziwa kuseka. Anati Lolemba kwawo kumabwera odwala mazana atatu, ndiye anakhala pansi n'kuyamba kudina batani payekha. Anadina, nadina, bwana akumwetulira mpaka masaya kuwawa. Nambala itadutsa 255, makina analengeza mwaulemu kuti wodwala nambala ziro alowe kwa dokotala. Namwino anatenga chikwama chake osatsanzika.

"Makina odula chonchi, osatichenjeza bwanji?" anakalipa bwana.

"Anachenjeza, bwana," anatero Chiwerenga. "Ndinawatseka pakamwa ndine."

Achimwene a pakona nthawi imeneyo anali kalikiliki kufunafuna cholembera pansi pa tebulo.

Kalata ija inalowa m'dilowa, miyezi ina itatu yoyeserera inawonjezedwa, ndipo Chiwerenga anakalirira kubafa. Lolemba m'mawa pakhomo panamatidwa chikalata: kuyambira lero chenjezo lililonse liziwerengedwa, ndipo pakhala woyang'anira machenjezo. Udindowo anapatsidwa achimwene a pakona, pamodzi ndi mpando watsopano wozungulira.