Tizigamba ta pa Mapuloteni

Ndiye kuti womata tizigambato anali iyeyo, dzanja lake lomweli, osati tizilombo ayi. Chilowereni mu labotale m'mawa anali asanadzuke pampando, maso ali pa mizere imene makina oyezera anatulutsa dzulo, ndipo mizereyo sinkasintha ngakhale aiyang'ane chotani.

Zaka zinayi, abale! Zaka zinayi akuweta tizilombo tosaoneka ndi maso, tija timakhala m'akasupe a madzi owira, n'kumauza aliyense — mwamuna wake amene ankamunena kuti anakwatiwa ndi ketulo, ngakhale apongozi amene ankangoti “oho” — kuti watulukira chinsinsi chake: tizilomboti timamata tizigamba ta mankhwala pa mapuloteni awo kuti asaphwasuke ndi kutentha. Komatu mapuloteni amenewa ndi aliuma, salola kumasuka kuti ayezedwe, choncho iye ankawaviika m'mankhwala otchedwa yuriya n'kuwatenthetsa, mphindi khumi, kenako makumi awiri poti khumi sizinkakwana. Ndipo yuriya akatentha amasweka n'kumata tizigamba takenso, tofanana kwambiri ndi tija ankatisaka. Zimenezi ankazidziwa, anaphunzitsaponso ena, nanga zinamuthawa bwanji? Kapena sizinamuthawe — kapena anazikankhira pambali dala, tsiku lija mizere inatuluka yokongola Apulofesa n'kuwomba m'manja ngati mwana. Dzulo anayesa osatenthetsa, kungofuna kuti mtima ukhale pansi. Tizigamba tonse zii.

Chitseko chinatseguka pang'ono, mutu wa imvi n'kusuzumira.

“Mwana wanga, wawerenga komaliza pepala la kafukufuku wathu? Titumize isanakwane thwelofu.”

“Ndatsala pang'ono, Apulofesa.”

Manyazi anamugwira. Mkulu ameneyu ndi amene anamutenga ena onse atamukana, amene anamusungira tizilomboto miyezi itatu ali kuchikuta, n'kumabwera Lamlungu ndi ndodo yake kudzatithirira chakudya. Mwezi uno akupuma pantchito, ndipo pepala la kafukufukuyu ndi lake lomaliza, dzina la iyeyo lili patsogolo, la mkuluyo pambuyo, mwa kufuna kwa mwini wake. Akaulula, pepala lafa, mkuluyo apita kwawo chimanjamanja. Akakhala chete, wina kwinakwake adzayesa, adzapeza, ndipo amene adzasekedwe ndi nkhalamba imene siidzakhalaponso kuti idziyankhire. Koma dikirani — kodi mkuluyo sanamufunsepo tsiku lina, “Umatenthetsa nthawi yaitali bwanji?” n'kuchoka yankho asanalimve? Ankadziwa? Ankaopa nawonso? Ayi, ndi nkhanza kuwaganizira choncho, n'kufuna wogawana naye mlandu basi, fisi iwe.

Anasindikiza mizere ya dzulo ija, napinda pepalalo kawiri, nalitambasula, nalipindanso. Khonde linali lalifupi kuposa masiku onse.

Mu ofesi ya Apulofesa munali makatoni a mabuku, mashelefu ali mbee. Kalata yotumizira pepala la kafukufukuyo inali kale pa kompyuta. Apulofesa anadzuka movutikira, namukokera mpando wawo womwe.

“Khala apa. Batani lotumizira udine ndiwe, ntchito ndi yako.”

Anakhala, pepala la mizere lija lili m'dzanja lamanzere. Anakweza maso kuti ayambe — Apulofesa, pali kanthu — ndipo m'pamene anaona kuti mkuluyo lero wavala taye, koyamba pa zaka zinayi zonsezi, ndipo ndi manja ake okalambawo waimanga yokhota.