Patapata la Mayi Pansi pa Galimoto

Ndinkapukuta mazira a abakha limodzilimodzi, kuchotsa phala la phulusa ndi mchere lomwe timawamata kuti akolere. Ndinkachedwa dala. Ndikamaliza ndimayenera kuwalongedza, ndipo kulongedzako n'kumene kunandiyambanitsa ndi bambo. Akachokera kumsika wa ku Tegal ankabwera ndi thumba la mazira osweka n'kulisiya pamapazi panga.

"Kusnan, ntchito ino yakukana," anatero dzulo lake. "Mwezi wamawa upite ku Jakarta kwa msuweni wako, ukasoke nsapato kufakitale."

Ndinangopita kukhola n'kukaima pakati pa abakha.

Ndili mkati mopukuta, anafika amalume a Tarjo, mlongo wawo wa mayi, amene amakonza magalimoto pamphambano. Anasuzumira m'thumba lija.

"Alamu, abakha anu ayamba kuikira okazingiratu?"

"Mufunse mwana wa mlongo wanuyo," anatero bambo. "Amalongedza ngati akuponya miyala."

Amalume anapisa chala m'bokosi lomwe ndinalongedza, kuyesa mapesi a mpunga pakati pa mazira. Anapita pagalimoto yathu yakale yonyamulira mazira kumsika, nakwera kumbuyo, n'kudumpha. Pansi panamveka kuti gu! chitsulo kumenya chitsulo chinzake.

Anaikweza ndi jeke, naichirikiza ndi zipika, n'kulowa chagada. Posachedwa tinamva akuseka kunsiko mpaka kutsokomola. Anatuluka atanyamula patapata lobiriwira, lophwanyika pakati, lomangidwa waya.

Mayi anasiya chosefera mpunga. "Patapata langa! Ndalisaka mpaka m'matope a abakha, inu muli chete?"

"Labala la pansi pa galimotopo linanyenyeka nthawi ya mvula, ndiye ndinamangirirapo patapatalo," anatero bambo akukanda m'khosi. "Ndinati labala ndi labala basi."

"Mbali inayo bwanji simunaikeko lanu?" anafunsa amalume. "Kulibiretu kanthu. Kusnan, tabwera uone."

Ndinalowa pambali pawo. Anandionetsa pamwamba pa chitsulo cholumikiza mawilo akumbuyo, pomwe panali ponyezimira chifukwa chogundidwa. Anati galimoto ikalemedwa n'kugwera m'dzenje, labala lonenepa ndi lomwe limalandira chitsulocho. Likasowa, nkhonya yonse imakathera pakatundu. Madzi a mchere odontha m'mabokosi anali atadyanso mabawuti, atachita dzimbiri lofiira.

Amalume anathamanga panjinga yawo yamoto, nabwera ndi malabala awiri atsopano, akuda bii, ooneka ngati timitondo tovundikira. Ine ndinakwecha dzimbiri ndi bulashi ya waya, iwo akudontheza mafuta. Bawuti imodzi inakana mpaka anaiwotcha. Tizidutswa ta dzimbiri tinkandigwera m'maso, koma sindinafune kutulukamo. Pomanga labala lachiwiri anandipatsa sipanala.

"Limbitsa, koma usachite ngati ukupotokola khosi la bakha."

Titamaliza anakweza mabokosi anga momwe analili, osasuntha ngakhale phesi. Anauza bambo kuti ayendetse kudzera msewu wa m'minda ya anyezi, woipitsitsa uja. Ine ndinakhala kumbuyo, dzanja lili pabokosi. Padzenje lililonse ndinkatsinzina kudikira gu! uja, koma galimoto inkangonyonyomala n'kudzukanso.

Titabwerera bambo anatsegula okha mabokosi. Anatembenuza mazira mpaka apansi penipeni, osapeza ngakhale la mng'alu.

"Mm," anatero. "Galimoto yakalamba iyi."

Mayi anabwera ndi tiyi wa m'mphika wadothi ndi shuga wa mibulu ngati timiyala. Amalume ankapemerera kapu yawo, zikhadabo zili bii. Ndinawayang'ana. Kenako ndinamva mawu anga akutuluka, okwera kuposa momwe ndinkafunira.

"Amalume, zikomo. Inu nokha munayamba mwayang'ana bokosi musanandiweruze." Ndinatembenukira kwa bambo. "Bambo, ku Jakarta sindikufuna. Ntchito ya mazirayi ndimaidziwa, ndipo ndimaikonda. Ndisiyeni ndikhale kuno."