Mizere ya Kumsewu

Kafukufukuyo ankachitika nthawi imodzi ku Senegal, ku India ndi kuno ku Zambia, ndipo funso linali limodzi: kodi laimu, ufa woyera wothira m'munda, amathandiza mtedza m'dothi lotopa? Munda woyeserapo unali wa mayi Getrude a ku Madzimoyo, azakhali ake a Alfonsi, mnyamata amene ankayang'anira ntchitoyo. Theka la mundawo analithira laimu. Theka la kumsewu linayenera kusiyidwa lopanda kanthu kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zikanalandiridwa, dzina la Alfonsi likanasindikizidwa koyamba pamodzi ndi mayina a akatswiri akunja.

Mu Malichi kunabwera Dokotala Sarr, mayi wa ku Senegal wotsogolera kafukufukuyo. Anaima nthawi yaitali pa mizere ya kumsewu, imene inali yobiriwira kuposa inzake.

"Afunseni mayiwa ngati anachitapo kanthu apa," anatero m'Chingelezi.

Alfonsi anamasulira.

"Nanga ndikanangoyang'ana?" anayankha azakhaliwo. "Mtedzawo unali wachikasu, anthu opita kutchalitchi akuuloza. Iwenso unati kukubwera mlendo wakutali. Ndinathirako manyowa a m'khola, mwana wa achimwene. Uwauze, asaganize kuti kuno ndife alesi."

Panalibe wina womva zilankhulo zonse ziwiri. Alfonsi anadziwa kuti akangonena kuti mayiwa anangopalira basi, nkhani ithera pomwepo. Koma anamasulira zonse, ngakhale za ulesizo.

Dokotala Sarr sanakwiye. Anati munda wa ku Madzimoyo uchotsedwa pa zotsatira za chaka chino, ndipo anzawo a ku India auzidwe tsiku lomwelo. Za dzina la Alfonsi sanatchulepo, ndipo iye sanafunse. Kenako dokotalayo anamutuma kuti apemphenso mundawo kwa chaka chamawa.

"Kuti muudwalitsenso dala?" anatero azakhaliwo. "Masukulu anuwa!"

"Azakhali, popanda mizere yodwala sitingadziwe zoona."

"Zoonazo mukazifunire kuseri kwa chulu uko, kosaoneka ndi anthu."

Dokotalayo atamva, anapita kuchuluko, nafukula dothi ndi zala. Anapukusa mutu: linali lachonde kwambiri, losayenera kuyeserapo. Amayi awiriwo anatsikira kumunsi kwa munda kukafuna malo ena, aliyense akulankhula chake, Alfonsi ali pakati pawo.